Njira ya ku Makoleji a ku America: Kodi Uphungu N'kugula Kapena N'kufunsa?

Mu 1958 mnyamata wina wa kumpoto kwa Nyasaland, Legson Kayira, ananyamuka wapansi, ati akupita ku America kukaphunzira. Koleji yoti akafikireko sankaidziwa. Atafika ku Kampala analowa m'laibulale ya boma la America, napeza buku la mayina a makoleji. Diso lake linagwera pa Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, ndipo analemba kalata. Anamulandira. Pofika kumapeto kwa 1960 anali ali komweko. Uphungu wonse womwe anaupeza posankha sukulu unali buku la pashelefu ndi sitampa ya papositi.

Lero amene akufuna kutsata mapazi a Kayira ndi khwimbi. Lipoti la Open Doors linawerenga ophunzira akunja oposa 1.1 miliyoni m'makoleji a ku America m'chaka cha 2023/24. Ochokera ku India anali oposa 330,000, a ku China oposa 270,000, ndipo mu Africa dziko lotsogola linali Nigeria ndi ophunzira pafupifupi 20,000. Kumbuyo kwa aliyense wa iwo kuli munthu amene anamufunsa nzeru, ndipo ambiri analipira kuti afunse. Apa ndiye pagona mkangano. Ena akuti njirayi yapotapota kwambiri moti kuyenda popanda mlangizi wolipidwa n'kutaya mwayi dala. Ena akuti malangizo onse ofunika alipo aulere, ndipo wolipidwayo kawirikawiri amagulitsa mantha kapena chinyengo chimene.

Kuti mkanganowu umveke, tiyambe taona chimene chimazunguza mutu mlendo. Kwathu kuno tinazolowera kuti mapointi a MSCE ndiwo amayankhula. Ku India ndi ku China nakonso mayeso aakulu ndi amene amatsegula kapena kutseka chitseko. Ku America kulibe bungwe limodzi losankhira ophunzira dziko lonse. Kuli makoleji pafupifupi 4,000, iliyonse ndi malamulo ake. Oposa 1,000 amalandira mafomu kudzera pa Common App, pomwe wophunzira angathe kupempha malo m'makoleji osapitirira 20. Amafuna magiredi a zaka zingapo za kusekondale, makalata a umboni ochokera kwa aphunzitsi, mndandanda wa zomwe mwana amachita kunja kwa kalasi, ndi chimangirizo cha mawu osapitirira 650 chonena za iye mwini. Ena amafuna mayeso a SAT kapena ACT, ena ayi. Ena anasiya kufuna mayesowa nthawi ya Covid-19 kenaka n'kubwerera: MIT inabwerera mu 2022, Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard analengeza zobwerera mu 2024. Kenaka pali mayeso a Chingerezi, TOEFL, IELTS kapena Duolingo. Wofuna thandizo la ndalama m'makoleji ena amadzazanso fomu ya CSS Profile, yomwe imafunsa chuma cha banja ngati kuti banja lililonse padziko lapansi lili ndi malipiro apamwezi ndi mapepala a msonkho.

Okonda mlangizi wolipidwa amayambira pomwepa, ndipo mfundo zawo si zopepuka. Iwo amati mwana wa ku America wa pasukulu yabwino ali ndi mlangizi wapasukulu amene ntchito yake ndi yomweyi. Mwana wa ku Lagos, Hyderabad kapena Mzuzu alibe. Fomu ya Common App imafuna kuti mlangizi wapasukulu atumize lipoti la sukulu ndi kalata yake. Kumene kulibe mlangizi, katunduyo amagwera mphunzitsi wamkulu yemwe sanaonepo fomuyo chibadwire. Ndipo tonse tikuidziwa kalata ya umboni ya kwathu: mizere itatu, yakuti mwanayu ndi waulemu, womvera ndi wolimbikira, chidindo pansi, basi. Kwa ife ndi kalata yabwino. Kwa wowerenga wa ku Massachusetts, amene wangomaliza kuwerenga masamba awiri onena mmene mwana wina anatsutsira mphunzitsi wake wa Physics mpaka mphunzitsiyo kuvomera, kalata yathuyo ikumveka ngati mphunzitsi sakumudziwa mwanayo. Wina ayenera kuwauza aphunzitsi zimenezi. Ngati winayo akufuna malipiro, iwo amati, palakwika chiyani? Woyendetsa bwato amalipidwa chifukwa amadziwa pamene pali mwala.

Mfundo yawo yachiwiri ndi ya ndalama, ndipo ndi yomwe ine imandikhudza kwambiri. Makoleji otchuka omwe si aboma tsopano amadya madola oposa 80,000 pachaka ukaphatikiza malo ogona ndi chakudya. Wophunzira wakunja salandira thandizo la boma la America. Makoleji ochepa kwambiri ndiwo amasankha mlendo osayang'ana thumba lake n'kumulipirira zonse zomwe akusowa: Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, ndipo Dartmouth ndi Bowdoin analowa m'gululi mu 2022, ena owerengeka n'kutsatira. Amenewa amatchedwa need-blind. Ena ambiri ndi need-aware: ukapempha thandizo lalikulu, pempho lakolo limachepetsa mwayi wako wolandiridwa. Mayunivesite ambiri aboma sapereka thandizo lotere kwa alendo n'komwe. Tsono taganizirani mtsikana wanzeru amene wamva mayina asanu okha pa wailesi yakanema. Atumiza mafomu ku makoleji asanu onga Harvard, yomwe mu 2024 inalandira mapempho oposa 54,000 n'kutenga anthu osakwana 2,000. Kapena atumiza ku yunivesite yaboma yomwe imulandira ndi manja awiri koma osamupatsa ngakhale khobidi. Njira zonse ziwiri chaka chapita. Mlangizi wodziwa ntchito akanamuuza za makoleji ang'onoang'ono a m'matauni osamveka omwe ali ndi thumba lakuya, kapena za Berea College ya ku Kentucky yomwe siilipiritsa fizi. Akanamuchenjezanso kuti njira yopempha malo msanga ya Early Decision, yomwe m'makoleji ambiri imatsekedwa pa 1 Novembala, ndi lonjezo lomanga: akakutenga uyenera kupita, ndipo sungayerekeze thandizo lawo ndi la makoleji ena. Safunsa anadya phula, amatero, ndipo phula la apa ndi lodula.

Amawonjezera kuti malamulo akusintha mofulumira. Mu Juni 2023 khoti lalikulu la ku America linaletsa makoleji kuganizira mtundu wa munthu posankha ophunzira, ndipo mafunso a zimangirizo m'makoleji ambiri anasintha. Mu Juni 2025 boma linalamula kuti opempha viza ya maphunziro atsegule masamba awo a mchezo kuti akuluakulu a kuofesi ya kazembe aone. Mu Disembala chaka chomwecho Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Nigeria anali m'gulu la maiko omwe anaikidwa ziletso pa mitundu ina ya viza, kuphatikizapo ya ophunzira. Mchimwene wako amene anapita mu 2016 akhoza kukufunira zabwino zonse koma n'kukupatsa mapu a msewu womwe unatsekedwa kale.

Otsutsa sakana kuti njirayi ndi yovuta. Chimene amakana n'chakuti kulipira kumaichepetsa. Iwo amayamba ndi funso limene makolo ambiri safunsa: kodi munthu wakhala kuseri kwa desikiyo amalipidwa ndi ndani? Pali mitundu iwiri ya anthu amene onse amadzitcha alangizi. Wina amalipidwa ndi banja la mwana. Wina ndi ejenti, yemwe amalandira komishoni kuchokera ku koleji pa mutu uliwonse womwe waubweretsa, kawirikawiri gawo la fizi ya chaka choyamba. Ena amadya mbali zonse ziwiri. Chodabwitsa n'chakuti ku America komweko, lamulo la mu 1992 limaletsa makoleji olandira thandizo la boma kulipira munthu komishoni pokopa ophunzira, chifukwa anaona mmene mchitidwewu unkapusitsira anthu. Koma lamulolo silikhudza alendo okhala kunja. Bungwe la akatswiri a zolandira ophunzira la NACAC linakangana nthawi yaitali, ndipo mu 2013 linalola mamembala ake kugwiritsa ntchito maejenti kunja, bola pakhale chilungamo ndi kusabisa. Ndiye kuti chimene anachiona kuti n'choopsa kwa mwana wa ku Ohio n'chololedwa kwa mwana wa ku Kathmandu.

Ndipo ejenti sangakutumize kumene sadyako. Makoleji olemera omwe amalipirira mwana wosauka zonse sasowa ejenti, mafomu amawachulukira kale. Amene amalipira komishoni ndi omwe akufuna ophunzira obwera ndi ndalama zawo. Choncho mwana amene akusowa kwambiri thandizo ndi amene ejenti alibe naye ntchito, kapena amamuonetsa sikolashipu ya madola 10,000 pa sukulu ya madola 45,000, osanena za dzenje lotsalalo. Kwathu munthu wotere tili nalo dzina lake, dobadoba, ndipo tikudziwa kuti ena mwa iwo amathandizadi. Koma palibe amene amaiwala kuti dobadoba ali pa geni.

Zitsanzo za otsutsa n'zosasowa. Mu 2016 Western Kentucky University inauza ophunzira angapo ochokera ku India, omwe anabwera kudzera mwa ejenti kudzachita digiri yachiwiri ya zamakompyuta, kuti achoke atangotha teremu imodzi chifukwa sankakwanitsa maphunzirowo. Chaka chomwecho atolankhani a Reuters anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti m'makampani ena aakulu a uphungu ku China antchito ankalembera ana zimangirizo ndi makalata a aphunzitsi. Mu Januwale 2019 zinaululika kuti University of Farmington ya ku Michigan inali yunivesite yabodza yomwe apolisi oona za olowa m'dziko anaikhazikitsa ngati msampha. Mazana a ophunzira, ambiri a ku India, analowamo kudzera mwa okopa anthu, ndipo ambiri anamangidwa kapena kubwezedwa kwawo. Miyezi iwiri pambuyo pake panaphulika mlandu wa Varsity Blues: mlangizi Rick Singer analandira madola pafupifupi 25 miliyoni kwa makolo olemera kuti alowetse ana awo pakhomo lakumbali, pogula olembetsa mayeso ndi makochi a masewero. Banja lomwe linapereka zambiri kuposa onse, madola 6.5 miliyoni kuti mwana alowe ku Stanford, linali la ku China. Mwanayo anachotsedwa.

Apa ndiyenera kuwadula pang'ono otsutsawa, chifukwa kutchula Singer pokana alangizi onse kuli ngati kukana azamba onse chifukwa cha mmodzi amene anaba mwana. Alipo alangizi oona mtima, ena ali m'mabungwe monga IECA omwe amaletsa mamembala kulandira komishoni kapena kulonjeza malo. Vuto lenileni silili pa akuba oonekeratu. Lili pa malire osaoneka bwino a pakati pa kulangiza ndi kulembera.

Tiyeni tikhalepo pang'ono pa chimangirizo chija. Mwana wa kwathu analeredwa kuti asamadzitame. Ukamufunsa kuti anene za iye mwini m'mawu 650, amalemba za dziko lake, za umphawi wa mu Africa, za kufunika kwa maphunziro, chilichonse kupatula iye. Mlangizi wabwino amamufunsa mafunso mpaka mwanayo atakumbukira kuti ndi iye amene ankasunga kabuku ka ndalama za banki m'khonde ya amayi ake kuyambira Sitandade 7, ndipo kuti anatulukira yekha mmene chiwongoladzanja chimakulira. Uku ndi kuphunzitsa, ndipo sindiona cholakwa ngakhale alipidwe. Koma banja lomwe lagulitsa ng'ombe silifuna mafunso, likufuna zotsatira. Mlangizi akonza chiganizo chimodzi, kenaka ndime, kenaka asintha chiyambi, kenaka auza mwana kuti nkhani ya banki m'khonde siigwira mtima, bwanji alembe za maliro. Pakufika kope lachisanu ndi chitatu mwanayo akuwerenga za munthu yemwe sakumudziwa, komabe asayina pa Common App kuti ntchitoyi ndi yakeyake. Palibe tsiku limene wina anaganiza zobera. Zinangokwawa. Ndipo makoleji akudziwa. Mu 2024 Duke inasiya kupereka malikisi a manambala pa zimangirizo, ponena kuti singatsimikizenso kuti zikuonetsa luso la mwana, chifukwa cha alangizi olipidwa komanso makina olemba onga ChatGPT. Chinthu chomwe makolo amachigula modula kwambiri ndi chomwe mtengo wake ukugwa kwa ochiwerenga.

Nanga aulerewo ali kuti? Otsutsa amaloza EducationUSA, nthambi ya unduna wa zakunja wa America yomwe ili ndi malo a uphungu oposa 400 m'maiko oposa 170, kuphatikizapo ku Lilongwe, Lusaka ndi Harare. Salandira komishoni ndipo amakamba za makoleji onse ovomerezeka. Amaloza mapologalamu monga USAP, yomwe Rebecca Zeigler Mano anaiyamba ku Harare mu 1999 kuthandiza ana anzeru a m'mabanja osowa, ndi KenSAP ya ku Kenya. Amaloza Mastercard Foundation Scholars Program, ndi njira ya sukulu za UWC monga Waterford Kamhlaba ku Eswatini, yomwe omaliza ake amatha kupeza thandizo la Davis m'makoleji ambiri a ku America. Amaloza ofesi yolandira ophunzira ya koleji iliyonse, yomwe imayankha imelo ya mwana wa Fomu 4 popanda kumulipiritsa. Ndipo amaloza ophunzira anzawo omwe ali kale uko, amene pa WhatsApp, YouTube ndi Reddit amafotokoza zonse kuyambira kapemphedwe ka kuchotseredwa ndalama ya fomu mpaka jekete yoyenera kugula.

Koma naponso chikomekome cha mkuyu. EducationUSA ndi ya boma la America. Cholinga chake n'kukopa ophunzira kupita ku America, ndipo si ntchito yake kukuuza kuti pa maphunziro omwe ukufunawo mwina Cape Town kapena KUHeS ikanakuyenera. Alangizi ake ndi ochepa, ali m'mizinda ikuluikulu, ndipo mwana wa ku Nsanje ayenera kupeza thiransipoti kapena bandulo kuti awafikire. Mapologalamu onga USAP amatenga ana owerengeka pachaka, moti kulowamo kokha ndi mpikisano. Uphungu wa anzako nawo uli ndi nthenda yake: amene amayankhula ndi amene anapambana. Mnyamata yemwe analowa ku Princeton amakhulupirira kuti chinamulowetsa ndi chimangirizo chake cha njinga yakabaza, ndipo chaka chotsatira ana makumi awiri alemba za njinga. Iye mwini sadziwa chifukwa chimene anamutengera, poti sanali m'chipinda chomwe anasankhiramo. Mazana omwe analemba zofanana n'kukanidwa sajambula mavidiyo. Pali ngakhale mwambo woti ana a zaka 17 amaika magiredi awo poyera kuti ana anzawo a zaka 17 awalosere mwayi wawo. Ndi maula, kungoti a pa intaneti.

Ndikayeza mbali ziwirizi, ndimapeza kuti onse akuvomerezana pa chinthu chimodzi osadziwa: palibe amene anayenda ulendowu yekha. John Chilembwe anapita mu 1897 ndi Joseph Booth. Kamuzu Banda anafika ku Wilberforce mu 1925 mothandizidwa ndi bishopu wa mpingo wa AME. William Kamkwamba wa ku Wimbe, atayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha mu 2007, anapeza anthu omwe anamugwira dzanja kudutsa African Leadership Academy ya ku Johannesburg mpaka kumaliza ku Dartmouth mu 2014. Ngakhale Kayira, amene tinayamba naye, anthu a ku Mount Vernon, komwe kuli koleji ija, anamusonkhera ndalama za ulendo. Womuthandiza analipo nthawi zonse. Koma palibe mmodzi mwa othandizawa amene phindu lake linadalira kuti mwanayo apite ku koleji yakutiyakuti.

N'chifukwa chake ine ndimatsamira kwa otsutsa, ngakhale osati ndi thupi lonse. Banja lolemera la ku Mumbai kapena Shanghai, lomwe lilipira fizi yonse ndipo likufuna wina woti aziyang'anira masiku otsekera ndi kukhazika mtima pansi m'nyumba, lilipire. Likugula mtendere, ndipo ndalama ndi zawo. Koma kwa banja lomwe kwacha inaligwera ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, lomwe liyenera kusaka madola a SAT, madola 350 a kaundula wa ophunzira akunja wa SEVIS ndi madola 185 a fomu ya viza lisanaganize n'komwe za tikiti ya ndege, ndalama ya mlangizi ndi yomwe ikanalipira zonsezi. Ndipo chinthu chomwe banja lotere limachifuna koposa, chitsimikizo, palibe angaligulitse. Wolonjeza malo ku koleji yotchuka akunama, pakuti sakhala nawo pa komiti. Wolonjeza viza akunama koposa, pakuti lamulo la 214(b) limauza wofunsa mafunso kuofesi ya kazembe kuti aziganiza kuti wopempha aliyense akufuna kukakhazikika ku America mpaka mwiniyo aonetse kuti adzabwerera, ndipo pawindo paja mwana amaima yekha.

Chimene chimandinyansa kwambiri n'chakuti zambiri zomwe zimagulitsidwa ngati chinsinsi zili poyera. Makoleji ambiri amasindikiza chaka chilichonse chikalata chotchedwa Common Data Set. Ndi chouma, chodzaza manambala, chopanda chithunzi cha ana akumwetulira pa kapinga. Mu gawo H6 koleji imanena ngati imapereka thandizo la ndalama kwa alendo, alendo angati analandira, avereji ya zomwe aliyense analandira, ndi ndalama zonse pamodzi. Mwana amene ali ndi foni ndi bandulo ya tsiku limodzi angathe kutsegula zikalata makumi awiri, kulemba manambalawo m'kope la masamu, n'kufufuta theka la makoleji omwe anali pa mndandanda wake dzuwa lisanalowe. Kenaka atenge kopelo apite nalo kwa aphunzitsi aakulu, pamodzi ndi chitsanzo cha kalata ya umboni ya masamba awiri, akawapemphe mwaulemu kuti ulendo uno alembeko zoposa mizere itatu.